Pulogalamu ya kompyuta nayonso imayesedwa ngati mbewu isanafike kwa anthu

Dzinja likamayandikira, alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amatchera khutu ku wailesi kuti amve ngati mvula ibwera msanga kapena ichedwa. Uthenga umene wolengeza amawerenga m'mphindi ziwiri umakhala utadutsa m'makompyuta ambiri, ena a m'dziko mwathu muno, ena a kutsidya kwa nyanja. Ndi mmenenso zilili ndi kafukufuku wa matenda a mbewu, a ziweto ndi a anthu. Masiku ano masamu ake amachitikira pa makompyuta.

Kompyuta payokha sidziwa kanthu. Imangotsata malangizo amene munthu analemba, ndipo malangizo amenewa ndi omwe amatchedwa pulogalamu ya kompyuta, kapena kuti software. WhatsApp ndi pulogalamu, ndipo chimene chimawerengera ndalama zanu pa M-Pesa kapena pa e-Mola ndi pulogalamunso. Malangizowo akakhala olakwika, kompyuta imachita cholakwikacho mofulumira, mobwerezabwereza, osafunsa munthu. Tsono ngati makompyuta ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana akugwira ntchito imodzi, ndani amaonetsetsa kuti onse akutsata malangizo amodzi, ndiponso kuti malangizowo ndi abwino? Akatswiri a kafukufuku ku Ulaya ali ndi njira yawo, ndipo mlimi aliyense amene anagulapo mbewu yovomerezeka aizindikira msanga.

Dima la makompyuta

Pafupi ndi mzinda wa Geneva, pa malire a Switzerland ndi France, pali malo a kafukufuku otchedwa CERN, omwe anakhazikitsidwa mu 1954. Kumeneko kuli makina otchedwa LHC, amene ali mu ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka. Makinawa amawombanitsa tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, kuti akatswiri adziwe mmene zinthu zonse za m'chilengedwe zinapangidwira. Zimene makinawa amajambula ndi zochuluka kwambiri moti palibe malo amodzi amene angathe kuziwerengera okha.

Choncho ntchitoyi anaigawa. Malo a makompyuta pafupifupi 170, m'mayiko oposa 40, analumikizana n'kupanga gulu limodzi lotchedwa WLCG. Ku CERN amasunga zojambulidwa zoyambirira. Kuchoka pamenepo zimapita ku malo akuluakulu oposa 10, kenako ku malo ang'onoang'ono ambiri, omwe ochuluka ali m'mayunivesite. Amodzi mwa malowa ali ku Cape Town, ku South Africa. Gulu limeneli ndi lomwe linawerengera zotsatira zimene CERN inalengeza pa 4 July 2012, pomwe inanena kuti yapeza kanthu kena kotchedwa Higgs komwe akatswiri anakhala akukafunafuna kwa zaka zambiri.

Zili ngati dima. Mwini munda amaitana anansi, aliyense amabwera ndi khasu lake n'kupatsidwa ndime yake. Ku makompyuta nakonso, malo aliwonse ali ndi eni ake, ndalama zake ndi antchito ake, ndipo CERN singawalamule ngati aganyu. Wophunzira wa ku Lisboa akatumiza masamu ake, sadziwa kumene akachitikire. Gawo lina likhoza kupita ku Germany, lina ku Canada, lina ku Cape Town, kenako mayankho onse n'kuphatikizidwa.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Tiyerekeze kuti alimi 10 a m'gulu limodzi akugulitsa nyemba pamodzi, koma aliyense wayeza ndi lata yake, ina yophwanyika m'mbali, ina yotambasuka. Mukaphatikiza n'kunena kuti pali malata 200, nambala imeneyo ilibe tanthauzo. Ndi mmene zimakhalira ngati kompyuta ya ku Germany ili ndi pulogalamu ya chaka chino pomwe ya ku Canada ili ndi ya chaka chatha.

Kulakwa kosachita phokoso

Pulogalamu ikakana kutseguka, aliyense amaona ndipo imakonzedwa. Choopsa ndi pulogalamu imene imagwira ntchito bwinobwino koma n'kumapereka yankho lolakwika.

Mu 2006 ndi 2007, katswiri wina wa ku California dzina lake Geoffrey Chang anabweza nkhani 5 za kafukufuku wake zomwe zinali zitasindikizidwa kale m'magazini otchuka a sayansi. Chinachititsa chinali kapulogalamu kogwiritsidwa ntchito pa labotale yake, komwe kanasinthanitsa mizere iwiri ya manambala. Ntchito ya zaka zingapo inagwa, ndipo ena amene ankadalira zotsatira zake anataya nthawi yawo.

Mu 2019, ofufuza a ku yunivesite ya Hawaii anatulukira china. Pulogalamu ina ya akatswiri a mankhwala, yofalitsidwa mu 2014, inkapereka mayankho osiyana malinga ndi mtundu wa kompyuta. Manambala olowetsa anali omwewo, pulogalamu inali yomweyo, koma makompyuta ena ankasanja mafayilo mu ndondomeko yosiyana, ndipo yankho linkasintha. Pa nthawiyo n'kuti nkhani za kafukufuku zoposa 100 zitatchula kale pulogalamuyo. Ngati izi zinachitika ndi kapulogalamu kakang'ono, ganizirani mmene zingakhalire pa malo 170.

Zipata zinayi

Ku Ulaya kuli bungwe lotchedwa EGI, lomwe linayamba mu 2010 ndipo ofesi yake ili ku Amsterdam. Limagwirizanitsa malo a makompyuta a kafukufuku m'mayiko ambiri, kuphatikizapo ambiri mwa amene amawerengera za ku CERN. Mapulogalamu ambiri amene malowa amagwiritsa ntchito sawalemba ndi EGI. Wina wosungira mafayilo, wotchedwa dCache, unayambira ku Germany. Wina wogawira ntchito ku makompyuta, ARC, ndi wa ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya, ndipo HTCondor ndi wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America. Chimene EGI inachita ndi kumanga nkhokwe imodzi, yotchedwa UMD, yomwe inayamba kutulutsa mapulogalamu mu 2011. Pulogalamu isanalowe m'nkhokwemo imadutsa pa zipata zinayi.

Chipata choyamba ndi malamulo olembedwa poyera. Wopanga pulogalamu amadziwiratu zimene adzafunsidwe. Kodi pali buku lofotokoza mmene aiikire pa kompyuta? Kodi munthu amene ali ndi pulogalamu yakale angathe kuikapo yatsopanoyo popanda kuwononga zimene anasunga? Kodi imateteza zinsinsi za oigwiritsa ntchito? Nanga ikavuta, adandaule kwa yani? Mbewu nayo ili ndi miyezo yake: kuchuluka kwa njere zomera, kuuma kwake, ndi kusasakanikirana ndi mitundu ina.

Chipata chachiwiri ndi kuyesa, ndipo oyesawo sakhala amene analemba pulogalamuyo. Mwini chinthu saona chilema chake. Oyesa amaika pulogalamuyo pa makompyuta apadera omwe sakugwira ntchito yeniyeni, n'kuiyendetsa molingana ndi malamulo aja, limodzi ndi limodzi. Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi yakhala ikugwiridwa ndi akatswiri a ku Spain ndi Portugal, kuphatikizapo a labotale ya LIP ya ku Lisboa. Pulogalamu ikalephera imabwezedwa kwa mwini wake pamodzi ndi lipoti la pomwe yalakwa.

Chipata chachitatu ndi chomwe mlimi angachitche munda wachitsanzo. Malo ochepa a makompyuta amadzipereka kuti ayambe ndi iwo. Amaika pulogalamu yatsopanoyo pa makina awo enieni, n'kuigwiritsa ntchito kwa masiku angapo pa ntchito zenizeni, kenako n'kulemba lipoti lonena ngati yayenda bwino, yayenda koma ndi zofooka zina, kapena yakanika. Wina angafunse chifukwa choyeseranso chinthu chimene chayesedwa kale. Yankho lake alimi amalidziwa. Mbewu yomwe yachita bwino pa siteshoni ya kafukufuku, pomwe pali feteleza wokwanira ndi opalira tsiku lililonse, ikhoza kuchita zina pa katondo wa ku Domué kapena pa dothi lamchenga la kumunsi kotentha. Makompyuta nawonso sali ofanana. Ena ndi akale, ena analumikizidwa mwa njira yawoyawo, ndipo pali zolakwika zina zimene zimaoneka pokhapokha anthu ambiri akamagwiritsa ntchito pulogalamuyo nthawi imodzi. Ikagwa pa malo awiri kapena atatu, ena onse amakhala atapulumuka.

Chipata chachinayi ndi kulowa m'nkhokwe. Pulogalamu imapatsidwa nambala yake ndi chidindo cha pa kompyuta chosonyeza kuti yachokeradi m'nkhokwemo ndipo palibe amene waisintha m'njira. Ndi ntchito yomweyo imene kapepala kosokereredwa pa thumba la mbewu kamagwira, kaja konena mtundu wa mbewu, nambala ya gulu lake ndi tsiku loyesedwa.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi nthawi. Wofufuza amene akudikira pulogalamu yatsopano amaona ngati akumuchedwetsa, monga mmene mlimi amadandaulira mbewu ikachedwa kufika mvula itayamba kale. Komanso munda wachitsanzo umafuna munthu wolola kupereka ndime yake, ndipo odzipereka akasowa pulogalamu imangokhala pa chipata. N'chifukwa chake pamakhalanso njira yachidule ya zinthu zadzidzidzi, makamaka pakapezeka chiopsezo cha akuba a pa intaneti.

Kufikitsa katundu kwa onse

Kuyesa ndi theka chabe la ntchito. Theka lina ndi kufikitsa chinthu chomwecho, chosasinthika, ku kompyuta iliyonse. Mapulogalamu amene akatswiri a ku CERN amawerengera nawo zotsatira zawo amasinthidwa kawirikawiri. Poyamba ankaikidwa pa malo aliwonse paokhapaokha, ndipo zinkachitika kuti kwina aika theka, kwina sanaike, kwina malo osungira adzaza. Ntchito ikafika pa malo otero inkalephera.

Kuti athane ndi zimenezi, a ku CERN anapanga njira yotchedwa CVMFS. Pulogalamu imaikidwa kamodzi kokha, pa nkhokwe yaikulu. Kuchoka apo imakoperedwa ku nkhokwe zingapo za ku Ulaya, America ndi Asia, ndipo malo aliwonse a makompyuta amakhala ndi kankhokwe kawo kapafupi. Kompyuta ikafuna fayilo, imafunsa kankhokwe kapafupiko. Ngati fayiloyo mulibe, kankhokweko kamakaitenga kamodzi n'kuisunga, kuti makompyuta ena onse a pamalopo asavutikenso kupita kutali. Zili ngati katundu wochoka ku depoti ya ku Beira kupita kwa ogulitsa zambiri ku Tete, kenako ku loja ya pa Vila Ulónguè. Wogula sapita ku Beira.

Pali zinthu ziwiri zofunika m'njira imeneyi. Choyamba, fayilo iliyonse ili ndi nambala yowerengedwa kuchokera ku zomwe zili m'kati mwake, ngati chidindo cha chala cha munthu. Chilembo chimodzi chikasintha, nambalayo imasinthanso, ndipo kompyuta imakana fayiloyo. Chachiwiri, mapulogalamu akale owerengera zotsatira amatha kusungidwa pambali pa atsopano. Wina akakayikira zotsatira za zaka zisanu zapitazo, akhoza kubwereza masamuwo ndi pulogalamu yomwe ija n'kuona ngati yankho likhale lomwelo.

Anankafumbwe amalowa ndi m'nkhokwe yomwe

Pulogalamu yoyesedwa bwino ikhoza kupezeka ndi bowo patapita zaka. Mu April 2014 kunapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu pulogalamu ya OpenSSL, yomwe imateteza mauthenga a pa intaneti. Bowolo linali litakhalamo pafupifupi zaka ziwiri popanda woliona, ndipo akuba akanatha kutengerapo manambala achinsinsi. Pa makompyuta olumikizana, chiopsezo cha mmodzi ndi cha onse. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

N'chifukwa chake EGI ili ndi gulu loona za mabowo otere. Gululi limayeza kuopsa kwa bowo lililonse n'kuliika pa umodzi mwa miyezo inayi. Likakhala loopsa kwambiri, malo onse amapatsidwa masiku 7 oti akonze, ndipo amene sakonza akhoza kuchotsedwa kaye pa gulu mpaka atakonza. Mapulogalamu ena amakalambanso, eni ake n'kusiya kuwasamalira. Pa 30 June 2024 pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa CentOS 7, yomwe malo ambiri a kafukufuku ankadalira, inafika pa mapeto ake, ndipo malowo anayenera kusamukira ku ina.

Chaka chomwecho cha 2024 chinaonetsa mbali ziwiri za nkhaniyi. Mu March, katswiri wina dzina lake Andres Freund anaona kuti kompyuta yake ikuchedwa ndi theka la sekondi polola munthu kulowa. Atafufuza anapeza khomo lobisika lomwe munthu wina, amene anakhala akudzionetsa ngati wothandiza kwa zaka ziwiri, anaika mu kapulogalamu kotchedwa xz. Kapulogalamuka kali m'makompyuta ochuluka pa dziko lonse, koma mtundu woipawo unagwidwa usanafalikire, ukadali makamaka m'mapulogalamu oyesera. Pa 19 July zinayenda mosiyana. Kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake pa nthawi imodzi, osayamba ndi ochepa. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anaima. Ndege zinalephera kunyamuka, ndipo zipatala ndi mabanki m'mayiko ambiri zinasokonekera. Pambuyo pake kampaniyo inalonjeza kuti iziyamba ndi makompyuta ochepa isanatumize kwa onse.

Nanga kuno kwathu?

Dziko lathu lili ndi netiweki yake ya mayunivesite ndi malo a kafukufuku, yotchedwa MoRENet. Netiwekiyi pamodzi ndi inzake ya ku Malawi, MAREN, inali m'gulu la amene anayambitsa bungwe la UbuntuNet Alliance, lomwe ofesi yake ili ku Lilongwe ndipo limalumikiza ofufuza a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa ndi anzawo a ku Ulaya. Mozambique ndi Zambia alinso m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, makina aakulu oonera zakuthambo omwe akumangidwa ku Karoo, ndipo zimene makinawo adzajambule zidzagawidwanso ku malo a makompyuta a m'mayiko ambiri. Wophunzira wa kuno amene angafune kulowa nawo pa dima lotere adzafunsidwa zomwe ena onse amafunsidwa: pulogalamu yake ndi nambala yanji, waitenga kuti, ndipo inayesedwa ndi yani. Kwa mayiko ngati athu, komwe intaneti ndi yodula komanso yodukaduka, kankhokwe kapafupi kaja n'kothandiza kwambiri, chifukwa fayilo imawoloka nyanja kamodzi kokha.

Za nyengo nazo zimayenda chimodzimodzi. Mabungwe a zanyengo, ngati INAM kuno kwathu, amayang'ananso zowerengera za malo akuluakulu a pa dziko lonse. Amodzi mwa malowa ndi ECMWF, omwe likulu lawo lili ku Reading, ku England, ndipo makompyuta awo ali ku Bologna, ku Italy. Iwowa akafuna kusintha pulogalamu yawo yolosera nyengo, amayendetsa yatsopano ndi yakale mbali ndi mbali kwa nthawi ndithu, n'kumayerekeza ndi zimene zachitikadi kumwamba, asanasiye yakaleyo. Amene anaona Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 akudziwa kufunika kwa chenjezo lofika pa nthawi yake. Kuyesa pulogalamu sikupangitsa kuti kulosera kuzikhala kolondola nthawi zonse, pakuti nyengo ndi yovuta. Chimene kumachotsa ndi kulakwa kopeweka, kochokera ku malangizo olakwika.

Foni ya m'thumba mwanu

Malamulo omwewa amagwira ntchito pa foni yanu. Pulogalamu yotengedwa pa Play Store yadutsa pa chipata china chake ndipo ili ndi chidindo cha mwini wake. Koma yomwe mnzanu wakutumizirani pa Bluetooth, kapena yomwe akuikirani pa malo otchajira mafoni, ili ngati mbewu yopakidwa utoto yogulitsidwa m'mbale pa msika. Ikhoza kumera, koma palibe amene angakuuzeni zomwe zili m'kati. Eni ake a WhatsApp anachenjeza kuti mitundu ina ngati GB WhatsApp si yawo, ndipo oigwiritsa ntchito akhoza kutsekeredwa nambala. Pa foni imene mumasungirapo ndalama za mbatata kapena za fodya, chiopsezocho si chaching'ono. Foni ikakupemphani kuti muike zosintha zatsopano zochokera kwa mwini pulogalamu, nthawi zambiri imakhala ikutseka bowo lomwe lapezeka. Mamega amene zimadya ndi ochepa poyerekeza ndi ndalama za m'foni.

Masiku ano mabungwe ndi makampani amabweranso m'midzi ndi mafoni kapena matabuleti olembera mayina a alimi, kuyeza minda ndi kuwerengera ngongole ya feteleza. Atsogoleri a magulu a alimi ali ndi ufulu wofunsa mafunso omwe aja a pa zipata zinayi. Kodi pulogalamuyi inayesedwa kaye m'mudzi uti, ndipo alimi a kumeneko anati chiyani? Kodi imagwira ntchito pomwe palibe redi, kapena pomwe foni yakoka netiweki ya ku Malawi? Ikalemba molakwika makilo a mlimi, adandaule kwa yani, ndipo kodi mlimi atsala ndi kapepala kake kotsimikizira? Nanga pulojekiti ikatha, adzaisamalire ndani? Amene wabweretsa chinthu choyesedwa bwino sangavutike kuyankha mafunso amenewa pamaso pa gulu.